Fayilo Ija Munaitenga Kuti, Aphunzitsi?

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mchinji. Ndili ndi foni ya Samsung Galaxy J2, ya Android 5.1.1, imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni zaka zapitazo. Ndi yolimba ndithu, koma masiku ano masamba ambiri a pa intaneti akumakana kutseguka, akumalemba kuti "Your connection is not private" bandulo ndili nayo. Ena akuti ndikaiflashitse, ena akuti vuto ndi satifiketi. Mnyamata wina wokonza mafoni pa boma pano anandiikira kafayilo kuchokera mu foni yake ndipo masamba ena ayamba kutseguka, kungoti pamwamba pakumabwera mawu akuti "Network may be monitored". Kodi ndiike masatifiketi ena ati kuti masamba onse azitseguka? Foniyi ndimaidalira pa imelo, pa za kubanki ndi pokonzekera maphunziro.

Mphunzitsi, Mchinji

YANKHO

Kalata ya aphunzitsiwa inali yaitali kuposa mmene yatulukira pano, ndipo alangizi athu a za mafoni ataiwerenga anangopumira m'mwamba. Funso la mafoni akale okana masamba akhala akuliyankha chiyambire 2021, moti akuti angaliyankhe ali mtulo. Koma pa kalata iyi anaima pa chiganizo chimodzi chimene aphunzitsi anangochiponya pakati ngati nkhani yongodutsa, cha kafayilo kochokera mu foni ya mnyamata. Za masatifiketi ena, akuti, ziyambe zadikira. Aphunzitsi sanatchule dzina la fayiloyo, sanatchule kumene mnyamatayo anaitenga, ndipo zikuoneka kuti sanafunse n'komwe. Koma pa foni yomweyo ndi pamene akulemba pasiwedi ya kubanki.

Tsamba lililonse limene adiresi yake imayamba ndi https limaonetsa foni satifiketi yonena kuti tsambalo ndi lenileni. Foni siingolandira. Imayang'ana amene anasainira satifiketiyo, kenako amene anasainira wosainirayo, mpaka ikafike pa satifiketi yaikulu yotchedwa root. Masatifiketi a root amabwera ali kale mu foni kuchokera kufakitale, opitirira 100, ndipo foni imawakhulupirira osafunsa. Zili ngati kalaliki wa pa ofesi ya DC amene amadziwa zidindo za mafumu onse a m'boma lake. Kalata ikabwera ndi chidindo chachilendo amaibweza. Munthu akaika root yatsopano mu foni, ndiye kuti wauza kalalikiyo kuti kuyambira lero azilandira chidindo chimenecho, kaya chadindidwa pa kalata yotani, kaya waibweretsa ndani.

Mwini wa root angathe kulemba satifiketi ya tsamba lililonse limene wafuna, la banki, la Gmail, la Facebook. Foni imene inalandira root yakeyo imaonetsa kaloko kaja pamwamba monga mwa masiku onse, siichenjeza kanthu pa tsambalo, ndipo zimene munthu akulemba zimadutsa m'manja mwa mwini root zili poyera zisanakafike kubanki. Mawu akuti "Network may be monitored" anaikidwa dala pa chifukwa chimenechi. Amatuluka nthawi iliyonse mu foni mukalowa root yoikidwa ndi munthu, yabwino kapena yoipa, ndipo foni payokha siingasiyanitse.

Pa J2 ya aphunzitsi nkhaniyi ndi yolemererapo. Kuyambira Android 6 kutsika m'munsi, pafupifupi app iliyonse imakhulupirira root imene mwini foni waika, osati browser yokha ayi. Google inadzakonza zimenezi mu 2016 pa Android 7.0, italamula kuti ma app atsopano asamalabadire masatifiketi oikidwa ndi munthu pokhapokha wolemba appyo atafuna yekha. Pa Android 11 inaonjezanso kuti app isamayambitse yokha kuika root, mwini foni azipita ku Settings ndi zala zake. Chitetezo chonsechi foni ya Android 5.1.1 ilibe.

Alangizi akuvomera, mosakondwa kwenikweni, kuti n'kutheka mnyamatayo anaika chinthu choyenera. Okonza mafoni ambiri amaidziwa fayilo yolondola ndipo amangopatsirana. Akuvomeranso kuti root yoipa payokha siiba kanthu. Wakubayo afunika akhalenso panjira imene data ikudutsa, kaya pa Wi-Fi yake, kaya pa VPN kapena proxy imene waika mu foni. Koma sachedwa kuonjeza kuti zinthu ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi. Ma app olonjeza intaneti yaulere, aja anyamata amapatsirana pa Xender, amadutsitsa data yonse pa seva ya munthu wosadziwika. Ngati mu foni momwemo muli root ya munthu ameneyo, zake zatheka.

Amene amayesa izi ndi nkhambakamwa, alangizi amawakumbutsa za dziko la Kazakhstan. Mu Julayi 2019 makampani a intaneti kumeneko anatumizira makasitomala uthenga woti aike satifiketi ya boma mu mafoni ndi makompyuta awo, ati pofuna kuwateteza. Ofufuza a pa University of Michigan ku America anapeza kuti satifiketiyo inkagwiritsidwa ntchito polowerera pakati pa anthu ndi masamba 37, kuphatikizapo a Facebook, Google, Twitter ndi Instagram. Mu Ogasiti chaka chomwecho Google, Mozilla ndi Apple anaikaniza satifiketiyo mu ma browser awo. Boma linati linkangoyeserera, koma mu Disembala 2020 linayambiranso, ndipo makampaniwo, pamodzi ndi Microsoft, anaikanizanso. Zimene anthu a ku Kazakhstan anauzidwa kuchita ndi zomwezo zimene zinachitika pa tebulo la mnyamata wa ku Mchinji: kutenga fayilo, kulowa ku Settings, kudina Install.

Chaka chomwecho cha 2019, mu Januwale, atolankhani a TechCrunch anaulula kuti Facebook inkalipira anthu a zaka 13 mpaka 35 ndalama zofika madola 20 pamwezi kuti aike app yotchedwa Facebook Research. Inkabwera ndi VPN komanso root yake, zinthu ziwiri zija, ndipo inkatha kuona zimene munthu akuchita pa foni yake. Nkhaniyo itangotuluka Apple inailetsa appyo. Alangizi akuti ngati kampani yolemera chotero inkalolera kutulutsa madola 20 mwezi ndi mwezi kuti ingoika root mu foni ya wachinyamata, ndiye kuti malo amenewo ndi amtengo wapatali. Chimene chimawapweteka n'chakuti kuno anthu amawapereka ulere, ena mpaka kulipira okha amene akuwaikira.

Nthawi zina pamakhala palibe wofuna kuba, kungoti wina sanasamale. Mu 2015 zinadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo ankagulitsidwa ali ndi pulogalamu ya Superfish yokhala ndi root yake, ndipo kiyi wachinsinsi wa root imeneyo anali yemweyo pa malaputopu onse. Katswiri wina, Robert Graham, anamutulutsa kiyiyo pa maola ochepa chabe. Kuyambira pamenepo aliyense akanatha kunamiza eni malaputopuwo ndi tsamba labodza.

Ndiye chochita ndi ichi, ndipo alangizi akuti ndi cha lero. Aphunzitsi alowe ku Settings, apeze gawo la Security. Pa mafoni ambiri pali mawu akuti Trusted credentials. Pa Samsung za zaka zimenezo amabisala pansi pa Other security settings, pa View security certificates. Pali mbali ziwiri, System ndi User. Ya System ndi ya kufakitale, asaikhudze. Ya User, pa foni ya munthu wamba, imayenera kukhala yopanda kanthu. Chilichonse chimene apeze pamenepo achidine, akopere papepala dzina lake ndi mzere wautali wa manambala ndi zilembo wolembedwa SHA-256 fingerprint, kenako achichotse. Pepalalo alisunge, ligwira ntchito patsogolo. Ayang'anenso ngati muli VPN imene sanaike okha, ndiponso ngati pa Wi-Fi kapena pa APN ya netiweki palembedwa proxy yachilendo. Akatha asinthe pasiwedi, kuyambira ya imelo, pakuti amene wagwira imelo amatha kusintha zina zonse. Koma asinthire pa foni ina yatsopano, osati pa J2.

Tsopano funso limene aphunzitsi anafunsa. Alangizi aliyankha mothamanga, ndipo amayamba ndi deti. Foni ya batire lochotsa ikakhala yozima imatha kubwerera ku chaka chimene inapangidwa, pomwe satifiketi iliyonse ili ndi tsiku loyambira ndi lothera. Foni ikamaganiza kuti tikadali mu 2015, satifiketi ya chaka chino imaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Pansi pa chenjezo lija pamakhala timalemba tating'ono timene anthu sawerenga. Tikanena kuti ERR_CERT_DATE_INVALID, ayambe akonza deti ndi nthawi, mwina nkhani yathera pomwepo. Tikanena kuti ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID, foni sikumudziwa wosainira.

Wosainira amene mafoni akale samudziwa, kawirikawiri amakhala Let's Encrypt. Bungwe la ku America la Internet Security Research Group linayamba kupereka masatifiketi aulere m'dzina limeneli chakumapeto kwa 2015, ndipo lero masamba mamiliyoni mazanamazana amadalira iwo, kuphatikizapo ambiri a masukulu, mipingo ndi manyuzipepala. Poyamba root yawo, ISRG Root X1, inali isanalowe mu mafoni, choncho anatsamira pa kampani ina yakale, IdenTrust, imene root yake ya DST Root CA X3 inali kale paliponse. Root imeneyo inatha pa 30 Seputembala 2021, ndipo tsiku lomwelo ma iPhone a iOS 9 kutsika m'munsi anayamba kukana masamba. Mafoni a Android anapulumuka chifukwa cha kakhalidwe kake kena: Android siyang'ana tsiku lothera la root imene ili kale pa mndandanda wake, ndipo IdenTrust inavomera kusainiranso kwa zaka zina zitatu. Kunali kovuta kuwataya nthawi imeneyo, pakuti mu 2020 foni imodzi mwa mafoni atatu alionse a Android inali isanafike pa 7.1.1, pamene ISRG Root X1 inalowera. Pofika 2023 Let's Encrypt inati mafoni 93.9 pa 100 alionse anali nayo, ndipo sinapemphenso siginecha ina. Pa 8 Febuluwale 2024 inasiya kupereka njira yakale ija kwa aliyense amene sanaipemphe, pa 6 Juni inaisiyiratu, ndipo pa 30 Seputembala 2024 siginecha yomaliza inatha. J2 ya aphunzitsi ili m'gulu la mafoni 6 pa 100 otsalawo, ngakhale alangizi akuti munthu akazungulira misika ya kuno gululo limaoneka lalikulu kuposa pamenepo.

Atafika pa mawu akuti "ndikaiflashitse", alangizi anasiya kalata n'kuyamba nkhani ina. Akuti tsiku lina anafikiridwa ndi akatekisiti ena achikulire, foni atayikulunga m'kampango n'kuilowetsa m'chikwama cha Baibulo. Tsamba limene ankawerengapo mawerengo a Lamulungu linali litasiya kutseguka, ndipo wina anawalangiza zokaflashitsa. Wokonzayo anatenga ndalama, sanafunse ngati zinthu za mkati zinasungidwa kwina, ndipo madzulo anawabwezera foni yoyera mbee. Zithunzi za ukwati wa mwana wawo wamkazi zinapita. Nyimbo za kwaya zimene anajambula okha zinapita, pamodzi ndi manambala a atsogoleri a miphakati yonse. Atafika kunyumba n'kutsegula tsamba lija, chenjezo lomwe lija linawalonjera, pakuti kuflasha kumangobwezeretsa Android yomweyo ndi mndandanda womwewo wa masatifiketi a kufakitale. Pofika kwa alangizi, bambowo za tsamba anali atasiya kale. Ankangofunsa za zithunzi, motsitsa mawu, chifukwa amayi kunyumba anali asanadziwe. Alangizi anayesa zimene akanatha, sizinabwerere. Mpaka lero akuti akamva wina akunena zoflasha foni chifukwa cha satifiketi magazi amawira, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanalamula kuti wokonza foni aliyense azipachika chikwangwani chofunsa kasitomala ngati wasunga zithunzi zake.

Ngati aphunzitsi akufunabe kuti J2 izitsegula masamba, fayilo yofunika ndi imodzi yokha, ISRG Root X1, osati mulu wa masatifiketi. Aitenge okha pa tsamba la letsencrypt.org, pogwiritsa ntchito kompyuta kapena foni yatsopano, popeza J2 ikananso tsamba limenelo. Fayiloyo imatchedwa isrgrootx1.der, ndipo mafoni ena akale saiona mpaka kumapeto kwa dzinalo atasintha kukhala .crt kapena .cer. Aisamutse ndi chingwe kapena memory card, abwerere ku Security, adine Install from device storage kapena Install from SD card. Foni ikafunsa ntchito yake asankhe VPN and apps. Ngati sikirini inalibe PIN kapena patani, foni iumirira kuti aike, ndipo asaone ngati ikuwavutitsa.

Apa ndi pamene ambiri amagonera. Dzina silitsimikiza kanthu. Aliyense wodziwa kompyuta angapange satifiketi yake pa mphindi zochepa n'kuitcha ISRG Root X1, zilembo zonse chimodzimodzi. Chimene sanganamizire ndi fingerprint ija. Ya satifiketi yeniyeni imayamba ndi 96:BC:EC:06 n'kuthera ndi BD:DF:08:C6, ndipo satifiketiyo idzatha pa 4 Juni 2035. Koma alangizi safuna kuti munthu angodalira zilembo zosindikizidwa m'magazini. Aphunzitsi abwereke foni yatsopano ya mnzawo wa mu staff room, atsegule mbali ya System, apeze dzina la Internet Security Research Group, aike mafoni awiriwo pambalipambali n'kufananiza mzere wonse. Afananizenso ndi zimene anakopera papepala zija. Zikafanana, mnyamata uja analibe mlandu, ndipo kusintha pasiwedi sikunaononge kanthu. Zikasiyana, adziwitse banki yawo. Chenjezo la "Network may be monitored" lipitirira kutuluka ngakhale ndi fayilo yolondola, kungoti tsopano adzadziwa chimene chalibweretsa.

Asayembekezere kuti masamba onse atseguka. Chrome inasiya kutulutsa zatsopano za Android 5 mu 2021, ndipo masamba ena akalowa amangooneka osokonekera kapena oyera, vuto limene satifiketi siikhudza. Awerengi amene mafoni awo anaima pa Android 7.0, monga Galaxy S6, adziwe kuti kuika root kungathandize browser koma ma app ambiri sangailabadire, chifukwa cha lamulo la 2016 lija. Amene ali pa Android 4 vuto lawo ndi lakuya: ma app ambiri kumeneko sagwiritsa ntchito TLS 1.2, pomwe maseva ambiri anasiya kulankhula ndi chilichonse cha pansi pa pamenepo.

Pali njira ziwiri zosafuna kuika root n'komwe. Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi, sidalira wa foni, ndipo a Let's Encrypt eni ake ndiyo ankalangiza eni mafoni akale. Aitenge pa Play Store ngati ikulolabe pa foniyo, osati fayilo ya APK yochita kupatsidwa, pakuti kumeneko n'kubwereza vuto lomwe lija. Opera Mini nayo imatsegula masamba ambiri, ngakhale pa mafoni a mabatani, chifukwa amene amakatenga tsambalo ndi makompyuta a Opera, n'kulichepetsa, n'kulitumiza ku foni. Zikutanthauza kuti tsambalo limatsegulidwa pa makompyuta a eni ake lisanafike. Powerenga nkhani za mpira alangizi alibe nazo vuto. Pa banki amakana.

Maganizo awo pa foni yeniyeniyo sanabise. Kulimba kumene aphunzitsi akuyamikira n'kwa pulasitiki ndi galasi, mkati foniyo inasiya kalekale kulandira zotseka mipata imene akuba amalowera. Mu 2017 ofufuza a kampani ya Armis anaulula mipata ya pa Bluetooth yotchedwa BlueBorne, yolola munthu amene ali pafupi kulowa mu foni mwini wake asanadine kalikonse, ndipo mafoni ambiri akale sanalandire chokonza. WhatsApp inasiya mafoni a pansi pa Android 5.0 mu Okutobala 2023, ndipo malire amenewo amangokwera. Mlandu alangizi sauika pa Let's Encrypt, imene inachedwetsa tsikuli ndi zaka zitatu, kapena pa achimwene a ku Joni amene anatumiza chimene anali nacho. Amauika pa opanga mafoni amene amagulitsa chinthu chotha kukhala zaka khumi n'kuchisamala zaka ziwiri. Ndi pa Android 14, mu 2023, pamene mndandanda wa ma root unayamba kukonzedwa kudzera pa Google Play osadikira wopanga foni, ndipo iwo akuti zinachedwa kwambiri. Wogula foni yogwiritsidwa kale ntchito ayambe watsegula About phone n'kuona nambala ya Android asanafunse za kamera.

Chigamulo chawo n'chakuti J2 ikhale ya nyimbo, ya mauthenga ndi yowerengera zokonzekera maphunziro, itaikidwa ISRG Root X1 yofananizidwa bwino. App ya kubanki ichokemo. Ndalama aphunzitsi azitumiza ndi makodi oimba aja, *211# ya Airtel Money, *444# ya TNM Mpamba kapena ya banki yawo, chifukwa amenewo sadutsa pa intaneti ndipo safuna satifiketi iliyonse.